Bokosi la Atate Linafika Lokha

Atate anga anali ndi nkhani imodzi imene sankatopa nayo, ndipo ine ndinaimva mpaka makutu kuwawa. Inali nkhani ya bokosi. Chaka chimene ine ndinabadwa, iwo atakhazikika kale pantchito ku Livingstone, anagula bokosi lachitsulo n'kulemba dzina lawo pachivundikiro ndi penti yoyera. Anaikamo nsalu, sopo, bulangete lawo lochindikala limene anangofunda chisanu chimodzi, ndi jekete limene anachoka nalo kumudzi koma linali litawathina chifukwa chonenepa. Anapatsira mnzawo amene ankabwerera ku Likoma, chilumba chimene iwo anabadwirako, kuti akapereke kwa amayi awo. Kuyambira pamenepo sikunabwere kalata, ngakhale ya mizere iwiri.

"Bokosi lathunthu!" ankatero akumenya tebulo. "Kusowa ndi zikomo yemwe!"

Ankati chifukwa chake akuchidziwa. M'kalata yawo yomaliza anali atawauza akumudzi kuti akwatira Mlozi, mkazi wa mtundu wa ku Zambezi konkuno, ndiye anatsimikiza mumtima kuti amayi awo anakwiya n'kuwataya. Amayi anga ankawadandaulira kuti alembenso, mwina bokosilo linasochera. Iwo mutu gwaa. "Ayamba kukhala chete ndi iwo, ndiye ndiyambe kulemba ndine?" Akamva kuti m'tauni mwabwera munthu wa ku Likoma, ankadzera njira ina. Zaka makumi atatu ndi mphambu zinatha choncho, abale inu, chifukwa cha zikomo.

Nthawi imene ndikunenayi, m'nyumba yathu ya ku Dambwa, komboni ya mu Livingstone momwemo, tinali titatsala awiri. Amayi tinali titawaika. Alongo anga awiri anapita kumigodi n'kuiwala njira yobwerera. Ine ukwati wanga unali utatha, ndipo ndinabwerera kwa atate ndi makina anga osokera basi, mwana ndinalibe. Masana ndinkasoka mayunifomu kufakitale, ndikaweruka ndinkakaima pamzere wa shuga kapena sopo, zimene nthawi zambiri zinkatha ine ndisanafike pakhomo la shopu. Atate anagwira ntchito moyo wawo wonse m'maboti onyamula alendo okaona mvuu pa Zambezi, kumtunda kwa mathithi. Nkhondo itakula kutsidya, malire atatsekedwa, mabotiwo anakokeredwa pamtunda ndipo atate anauzidwa kuti akapume. Ankangokhala pakhonde, miyendo ikutupa, akuyang'ana utsi wa mathithi kutali.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi anandiitana.

"Mwana wanga, ndakalamba. Upite kwathu ukandifunsire ngati ndingabwerere."

"Imwe batate, kwanu ni kuti? Bamai ali m'manda ya kuno, ine nili kuno. Mufuna chani kwa anthu amene anakutayani?"

"Ukangofunsa basi. Akakana, ndidziwe kuti akana."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinakalowa kukhitchini n'kumatsuka mbale zoyera kale, ndikuzimenyanitsa dala kuti amve. Munthu amene ndinkamuthowa miyendo ndi madzi ofunda tsiku ndi tsiku ankafuna kupita kwa anthu amene sanamuthokoze ndi bokosi lomwe. Ndinadziwa bwinobwino kuti akakavomera kumeneko, ine nditsala ndekha m'nyumba ija, wopanda wondifunsa ngati ndapeza shuga. Komabe ndinapempha tchuthi. Atate ndinawasiya m'manja mwa mayi wina wa Chilozi woyandikana nafe, ndipo ndinanyamuka ndikupemphera mumtima kuti akakane.

Ndinakwera sitima yapamtunda mpaka ku Lusaka, kenako basi mpaka ku Chipata. Pamalire mayi wina wayunifomu anayang'ana diresi langa, limene ndinasoka ndekha ndipo ndinkalinyadira, nati likuonetsa mawondo, m'dziko lawo sindilowa nalo. Ndinamanga chitenje pamwamba ndikung'ung'udza. Kutsogolo amuna achipani anaimitsa basi kufuna makhadi. Langa lakwathu analiyang'ana ngati pepala lokulungira fodya, ndinachita kugula lawo. Pofika ku Nkhata Bay n'kukwera sitima yapamadzi, ndinali nditadana kale ndi dziko la atate lonse. Ine ndinakulira pa Zambezi, koma Zambezi umaona tsidya lake. Apa tsidya kunalibe, ndipo m'sitima monse munalibe nkhope imene ndinkaidziwa.

Tsono tamvani za uchitsiru wanga. Atate akamakamba za kwawo ankangoti "pachilumba," ngati kuti Mulungu analenga chimodzi chokha. Ndiye sitima itaima m'mawa pafupi ndi chilumba cha miyala ndi milambe, anthu akutsikira m'kaboti kopita kumtunda, ine ndinanyamula chikwama n'kutsika nawo osafunsa munthu. Ndinkaopa kutsegula pakamwa chifukwa ndikangolankhula Chinyanja chathu cha m'tauni, anthu ankatembenuka n'kumakodolana. Ndili pamchenga, sitima italiza lipenga n'kunyamuka, ndinafunsa mayi wina njira ya kutchalitchi chachikulu chimene atate ankachitama. Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tchalitchi chachikulu chili ku Likoma, mayi. Kuno ndi ku Chizumulu. Likoma ndi uyo." Analoza kamzere kobiriwira kutali, kumene sitima inkalowera.

Kalanga ine! Nditafunsa kuti sitima ibweranso liti, anati sabata yamawa, ndipo anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Koma anali munthu wabwino. Atatha kuseka anandiuza kuti kuseri kwa kaphiri kuli bwato la thanga limene likuwoloka lero lomwe, ndikafulumira ndilipeza.

Ndinalipezadi. Linali la matabwa akuda, kutalika kwake ngati minibasi, m'ming'alu atatsekamo thonje ndi phula. Pakati panali mlongoti waufupi, ndipo thanga lake linali zigamba zokhazokha: matumba a ufa, matumba a shuga, chidutswa cha tenti yakale. Mwini bwato anali mdala wowonda wa mano awiri. Mlamu wake, wachikulire ngati iye yemwe, ndiye ankakoka zingwe ndi kukapa madzi ndi chitini. Okwera tinali ine, amayi atatu a madengu a usipa wouma, ndi mbuzi yomangidwa miyendo. Ine wosoka ndinayang'ana misoko ya thangalo ndipo mtima unandiuza kuti ndifera pano.

"Bambo, nindani anasoka ici?" ndinafunsa.

"Ndine. Bwanji, mwalikonda?"

"Msoko uyo uyasama."

"Ukuyasama kuti mphepo yotsala izidutsa, mayi. Yonse sitingaimalize."

Amayi aja anaphulika kuseka, ine ndinangokhala pathumba lamchenga nditagwira chikwama pachifuwa.

Titatuluka m'miyala, mphepo ya mwera inaligwira thangalo n'kulitupitsa, bwato linapendekeka, ndipo madzi anayamba kulira pansi pa matabwa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kunalibe phokoso. Maboti a atate pa Zambezi anali a injini, munthu umachita kukuwa polankhula. Apa ndinkamva kulira kwa zingwe ndi kupuma kwa mbuzi. Mphepoyo inkachokera komwe tinkapitako, ndiye sitinkalunjika. Tinkapita cha kumanja nthawi yaitali ngati taiwala Likoma, kenako mdala uja ankakuwa, "Mitu pansi!" Mlamu wake ankamasula chingwe, mtengo wautali wonyamula thanga unkazungulira pamwamba pathu, ndipo tonse tinkasamukira mbali inayo pamodzi ndi madengu. Ulendo woyamba ine ndinachedwa kuwerama, chingwe chinandikwapula duku n'kuliponyera m'madzi. Ndinaliyang'ana likutsalira m'mbuyo, duku langa lofiira la ku Dambwa, ndipo palibe anaganiza zolibwerera.

Dzuwa lili paliwombo mphepo inangoti zii. Thanga linafota, bwato linaima. Chizumulu anali kutali, Likoma anali kutali, ndipo madzi anali oyera moti ndinkaona mthunzi wa bwato ukutsikira pansi mpaka kusowa. Amayi aja anafunda zitenje kumutu n'kugona ngati ali pamphasa kwawo. Mdala anapichira fodya wake. Ine ndinayamba kuganiza kuti padziko lonse lapansi panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kumene ndinali. Atate ankayesa kuti ndili m'sitima. Alongo anga sankadziwa n'komwe kuti ndachoka. Bwato likanamira, akanalira amayi atatu aja ndi mbuzi, ine bwenzi akungoti panali mlendo wina wolankhula mokhota. Misozi inayamba kubwera, ndipo ine sindikonda kulira pagulu.

"Tsitsani thanga," ndinatero mwaukali. "Nipatseni singano. Sindingakhale pano niyang'ana manyazi aya."

Mdala anandiyang'ana, nayang'ana mlamu wake, kenako anatsitsadi. Anandipatsa singano yaikulu yopindika ndi ulusi wa ukonde. Ndinauphwasula msoko wonse uja n'kuusokanso kawiri, ndikupinda m'mphepete monga timachitira ndi matumba a ovololo. Zala zinatuluka matuza koma mtima unakhala pansi. Mdala anayesa kuukoka ndi manja ake onse awiri, sunasunthe.

"Manja awa ndi akunyanja," anatero. "Mwachokera kutali, koma manja ndi akuno."

"Ni a ku Dambwa," ndinayankha. Sanadziwe kuti Dambwa n'chiyani, ndipo sanafunse.

Patapita nthawi mlamu uja analoza pamadzi pamene panayamba kuda ndi timakwinya. Anakweza thanga msangamsanga, mphepo inafika, ndipo tinalowa padoko la ku Likoma dzuwa litangopendeka pang'ono.

Dokolo linali kamchenga pakati pa miyala ikuluikulu, popanda pokocheza pomanga. Tinachita kulumphira m'madzi ofika m'mawondo. Mabwato ena a matanga ochokera kutsidya la Mozambiki anali akutsitsa mitolo ya nkhuni, chifukwa pachilumbapo mitengo yambiri ndi milambe, yosati n'kusonkhera moto. Tauni yake, ngati n'kuitcha tauni, inali msewu umodzi wafumbi, timashopu towerengeka, positi ofesi ya chipinda chimodzi ndi kamsika ka usipa, chinangwa ndi tomato wang'onong'ono. Galimoto sindinaione. Aliyense amene ndinakumana naye ankandipatsa moni n'kuima kudikira kuti ndinene kuti ndine mwana wa yani, ine ndinkangoyankha moniwo n'kudutsa.

Ndinakwera kamtunda ndipo ndinachiona tchalitchi chija. Ha! Atate sananame. Chinyumba chamiyala chachikulu kuposa chilichonse cha ku Livingstone, chili pakati pa minda ya chinangwa. M'kati munali mozizira, mopanda munthu. Ndinakhala pabenchi lakumbuyo ndikuganiza kuti atate anabatizidwa muno, anaimba muno, anali ndi moyo wathunthu umene ine sindinalimo. Ndinachita nsanje ndi malowo, zoona, ngati mmene mkazi amachitira ndi mkazi mnzake.

Nditatuluka ndinapeza madala akusewera bawo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Ndinagwada, ndinapereka moni, n'kutchula dzina la atate ndi la amayi awo. Mmodzi, wa ndodo pambali, anaimitsa dzanja lili ndi nkhomo.

"Mwana wa mayi uja wa kuseri kwa phiri? Pepani mayi, ameneyo anamwalira kalekale, anafera kunja."

"Sanamwalire. Ni batate anga. Nawasiya akumwa tiyi pakhonde."

"Mayi, ine ndinakumba nawo manda ake."

"Ndiye munakumba manda ya munthu wamoyo!"

Ndinakweza mawu pamaso pa akuluakulu, mlendo, mkazi, mutu uli pamtunda wopanda duku. Bawo inaima. Mdala uja sanandikalipire. Anabweza nkhomo m'mabowo, natenga ndodo yake, nati, "Tiyeni kwa mlongo wake."

Tinayenda kanjira kamiyala mpaka panyumba ya udzu, pamene chinangwa choviika chinali chitayanikidwa pathanthwe, fungo lake lowawasa lili ponseponse. Azakhali anga, mlongo wa atate wamng'ono kwa iwo, anali mayi wochepa thupi wa maso akuthwa. Anamvetsera mdala uja akufotokoza, koma ine sanandipatse mpando kapena moni.

"Abodza ndawaona ambiri," anatero. "Wina anabwera pano ataledzera n'kumati wamuona mlongo wanga akuyendetsa boti kunja uko. Tinamuthamangitsa. Iwe, ngati ndiwe mwana wake, dzanja lake lamanzere lili bwanji?"

"Kachala kakang'ono ni kopindika, sikawongoka."

"Anachita bwanji?"

"Amati mlongo wawo anawasinja na munsi ali ana, pamene anapisa dzanja mumtondo kuba chinangwa."

Azakhali anakhala pansi pafumbi pomwepo, miyendo tambalale. "Mayo ine! Ndinamusinja ndine! Mayo, mlongo wanga!" Anandikoka chitenje mpaka ndinagwa pambali pawo, nayamba kundigwira makutu, chibwano, zala, akulira mokweza moti anthu anayamba kuthamangira kuchokera m'nyumba zina kuyesa kuti pagwa maliro.

Atatonthola anandifotokozera. Mnzawo wa atate uja sanafike pachilumba. Anatsikira padoko lina kumtunda, napatsira bokosilo anthu ogwira ntchito m'sitima. Iwo analitsitsa n'kulisiya pamchenga, dzina lili pamwamba, popanda kalata, popanda munthu woliperekeza.

"Mwana wanga, kuno timadziwa," anatero azakhali. "Amuna athu onse amapita kunja. Wamoyo akafuna kutumiza kanthu, amamanga phukusi la zatsopano n'kuikamo kalata. Koma mwamuna akafera kumeneko, anzake amasonkhanitsa zovala zake ndi zofunda zake m'bokosi lake n'kutumiza kwa amake. Bokosi la munthu likafika lokha, sitifunsanso. Amayi atatsegula n'kuona jekete limene anamusokera mabatani ndi manja awo tsiku lonyamuka, n'kununkhiza bulangete lija, anagwa pomwepo. Nsalu ndi sopo tinati anzake aikamo zopepesa."

"Simunalembe kalata kufunsa?"

"Tilembere yani? Wakufa? Mkazi wake sitinkamudziwa ndi dzina lomwe."

"Nanga ambuya sanakwiye kuti batate anakwatira Mlozi?"

"Kukwiya? Tsiku limene aphunzitsi anatiwerengera kalata ija amayi anavina pabwalo pano. Ankati abwere naye ndidzamuphunzitse kuviika chinangwa."

Bokosi lija litafika, akumudzi analira masiku atatu. Kenako anadula thunthu la nthochi, nalikulunga m'bulangete lija, nakaliika m'manda monga amachitira ndi munthu womira amene mtembo wake sunapezeke.

M'mawa mwake azakhali ananditengera kumandako. Panali mitumbira iwiri yoyandikana, yozunguliridwa ndi miyala, yoseseredwa bwino. Pamtanda umodzi panali dzina la atate, ndipo chaka cholembedwa pansi pake chinali chaka changa chobadwa. Mtumbira winawo unali wa amayi awo. Anakhala zaka zinayi bokosi litafika, osasekanso, ndipo ali pafupi kufa anapempha kuti awaike pambali pa mwana wawo. Ndinafuna kutukwana munthu, koma sindinadziwe kuti nditukwane yani.

Ndinafunsa funso limene ananditumira. Azakhali sanaganize n'komwe.

"Ukamuuze abwere. Tatsala awiri basi, ena onse anatha. Koma abwere ndi miyendo yake, wamva? Asanditumizire ngakhale singano."

Ndinadikira sitima masiku asanu. Anthu anandikomera mtima, sindinganame. Ankabwera ndi nsomba, ena mazira, n'kukhala pabwalo kundiyang'ana ndikudya, akunong'onezana kuti mwana wa wakufa uja ndi uyu. Ndikalankhula ankamwetulira n'kupempha kuti ndibwereze. Ndinkathawira kudoko, n'kukhala pamwala ndikuyang'ana matanga akulowa ndi kutuluka. Pamwala pamenepo ndi pamene ndinakonza bodza langa. Ndinati ndikawauza atate kuti kumudzi anthu anatha, nyumba inagwa, palibe wowalandira. Azakhali sadziwa kulemba, atate salemba, ndani akanandiulula? Ndinalibwereza bodzalo m'sitima, m'basi, mpaka linasalala ngati pemphero.

Ndinafika ku Dambwa masana. Mayi woyandikana nafe uja anandichingamira pampanda n'kundinong'oneza kuti masiku atatu apitawo atate akhala akuvala malaya oyera n'kukhala pakhonde kuyambira m'mawa. Ndinawapezadi pomwepo. Ndinapereka moni, ndinakasamba, ndinawiritsa tiyi, ndinasesa ndi pabwalo pomwe, zonsezo kuzengereza. Iwo sanandifulumizitse. Nditakhala pansi ndinawauza za kutsika pachilumba cholakwika ndi za bwato la zigamba. Sanaseke.

"Mphepo inali yanji?" anafunsa.

"Mwera."

Anagwedeza mutu. "Nanga?"

"Batate, kumudzi kuja anthu anatha," ndinayamba, maso ali pakapu. "Bamai anu anamwalira kale."

Anawerama, nayang'ana miyendo yawo yotupa. "Ndinadziwa," anatero motsitsa. "Ndiye kuti anapita osandikhululukira."

Apo ndiye bodza langa linandikanika. Ndinakonzekera kuti akwiya, amenya tebulo, anena za bokosi. Izi sindinazikonzekere. Ndipo monga mwa khalidwe langa loipa, chisoni chinatuluka ngati ukali.

"Kukhululukira chani? Mulibe mlandu wa Mlozi imwe! Mlandu wanu ni kuuma mutu!"

Ndinawauza zonse, mosanyengerera: za mnzawo amene sanafike, za bokosi pamchenga, za jekete, za thunthu la nthochi, za mtanda wa dzina lawo. Iwo anabadwira komweko, mwambowo ankaudziwa kuposa ine. Ndinaona nkhope yawo ikusintha ndisanamalize n'komwe. Anagwira pakamwa ndi dzanja.

"Jekete," anatero. "Ndinaikamo jekete. Ndinkati avale mng'ono wanga."

"Kalata imodzi, batate. Stampa imodzi chabe."

Mawu amenewo ndimanong'oneza nawo bondo. Sanafunikire, anali atamva kale.

"Ndiye kuti amayi sanakwiye?"

"Sanakwiye. Anavina atamva kuti mwakwatira. Pambuyo pake analira zaka zinayi mpaka kufa."

Atate analira. Pamaliro a amayi anga sanagwetse msozi pagulu, koma tsiku limenelo analira pakhonde masanasana, anthu akudutsa mumsewu, mapewa akugwedezeka. Ine sindinadziwe pogwira. Ndinangokhala pansi pafupi ndi miyendo yawo mpaka anatonthola okha.

"Anawaika pati?"

"Pambali panu. Anapempha okha. Agona pafupi na nthochi, bayesa ni imwe."

"Nanga mlongo wanga?"

Apa mpata unalipobe. Ndikanatha kungoti nawonso anapita.

"Alipo. Akuti mubwere, mwatsala awiri. Koma mubwere mweka, musatumize kanthu."

Atate anapukuta kumaso ndi mkono wa malaya oyera aja, nawongoka pampando.

"Ndiye kuti malo anga alipo. Mawa ukafunse za sitima ya ku Lusaka."

Ndinatola makapu kuti ndilowe m'nyumba. Ndili pakhomo anandiitana, ndipo nditatembenuka ndinapeza akundiyang'anitsitsa.

"Nanga iwe, mwana wanga, utsala ndi yani?"

"Aaa, batate, ine? Nili na anthu ambiri. Kuchalichi, kunchito, ba neba aba. Mwina nikwatiwanso, mukachoka imwe ondithamangitsira amuna."

Anaseka pang'ono, nati, "Chabwino," n'kuyamba kuwerengera pazala masiku a ulendo. Ndinawaperekeza mwezi wotsatira mpaka pamchenga paja, ndinawasiya m'manja mwa mlongo wawo, ndinabwerera ndekha ku Dambwa, ndipo sindinawaonenso. Sindiwaimba mlandu chifukwa chopita. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinawanamiza pakhomo paja, ndipo anakhulupirira msanga.